Usiku Umodzi ku Linga la Kamphuno

Phula tinalisiya pa Makeni,
takisi n'kulowa m'fumbi lofiira,
kudutsa makola a nkhuku ndi minda ya soya,
mpaka apo, kuseri kwa mitengo ya jakaranda:
nsanja ziwiri za miyala, zipupa zokhala ndi mano,
ngati nyumba yosochera kutali ndi kwawo
imene inasowa ndalama yobwererera.

Zelesi, mwana wanga, ndiye analipira pa foni.
Akuti, Adadi, zaka makumi atatu mukuwerenga ndalama za eni,
kagoneni mwaulemu usiku umodzi.
Sadziwa. Sindinamuuzepo.

Mtsikana wolandira alendo, baji yake yolembedwa Mutinta,
anandipatsa kiyi wolemera ngati kankhwangwa
nayamba kulakatula zimene anamuphunzitsa:
nyumbayi anaimanga mzungu wina, mlimi wa fodya,
polakalaka kwawo kozizira.
Anaimanga yekha, zaka zisanu ndi ziwiri.

Yekha.
Ndinameza malovu.

Bambo anga, a Yotamu, ankamutcha Kamphuno.
Ankati mwala uliwonse unabwera pa ngolo ya ng'ombe,
kuchoka pa ngolo kupita paphewa,
kuchoka pansi kukwera makwerero a bulugamu.
Phewa lawo lamanja linatsika mpaka imfa;
jekete la ku tchalitchi silinawakhalepo bwino ndi tsiku limodzi lomwe.
Malipiro: mchere, kapu ya nyemba,
ndi tikiti yodinda masiku makumi atatu.
Khomo lakutsogolo sanalidutsepo.

Ine ndalidutsa lero, sutikesi yanga ili m'manja mwa wina.

Chipinda changa chili pamwamba pa nsanja.
Bedi la mizati inayi, neti yoyera ngati chophimba mkwatibwi,
pakhoma mutu wa mphalapala ukundiyang'ana ndi maso a galasi.
Magetsi anathima itakwana naini, monga ku Chilenje kwathu,
jenereta inatsokomola kawiri n'kuleka.
Linga kapena komboni, mdima ndi umodzi.

Tulo tinandithawa.
Ndinayatsa tochi ya pa foni
n'kuyamba kupapasa khoma, mwala ndi mwala,
ngati wakhungu wofuna nkhope ya mbale wake.
Ankati anasiyapo chizindikiro,
chilembo chimodzi chokha chimene ankachidziwa:
Y, mphanda ya mtengo, yokanda ndi msomali
kapitawo atapita kukataya madzi.
Ndinafuna kuseri kwa kabati, pansi pa zenera,
m'masitepe okhotakhota mpaka pansi,
nkhalamba yovala mapijama ikukwawa pa kapeti ya eni.
Ndinapeza akangaude, kakhobidi ka ngwee,
dzina la Brenda pambali pa mtima wolasidwa ndi muvi.
Chilembo chija ayi.

Mwina pulasitala inachikwirira.
Mwina chili kunja, m'mwamba mofika anamzeze okha.
Mwinanso ankangotisangalatsa anafe.

M'mawa: mazira awiri, soseji, tomato wowotcha,
tiyi m'kapu yopyapyala moti ndinaopa kuigwira.
Alendo a patebulo lina ali kalikiliki kujambula denga.
Ndinadya zonse, mosafulumira,
mbale ndinaipukuta ndi buledi.
Kenako ndinapempha tiyi wina,
ndi shuga masipuni anayi monga ankakondera,
ndinamukankhira kutsidya kwa tebulo
azifuka nthunzi pamaso pa mpando wopanda munthu.

Mutinta anabwera ndi buku la alendo.
Ena analembamo za bata, za nyenyezi,
za madzi otentha amene amachedwa kufika.
Ine ndinalemba: Yotamu Kamanga, wosenza miyala,
wagona muno usiku umodzi. Zonse zalipiridwa.

Anawerenga, nandiyang'ana.
Ndimayesa ndinu a Lekani?
Ndinati inde, mwanawe, ndiitanireni takisi.
Koma mawa mukamauza alendo mbiri ya nyumbayi,
mawu aja akuti yekha
muwasiye m'thumba.